Mawu Osowa m'Bokosi la Mavoti: Eribon, Houellebecq ndi Diome pa Kukula kwa Chipani cha Le Pen

Usiku wa pa 21 Epulo 2002, wailesi za kanema za ku France zidalengeza zotsatira zimene anthu ochepa okha adaziyembekezera. Jean-Marie Le Pen, mtsogoleri wa chipani cha Front National, adapeza mavoti 16.86 pa 100 aliwonse m'ndime yoyamba ya chisankho cha pulezidenti, naposa nduna yaikulu Lionel Jospin wa chipani cha Asosholisiti amene adapeza 16.18. Patapita sabata ziwiri, anthu a zipani zina zonse adakhamukira kwa Jacques Chirac, ena atatsina mphuno, namupatsa mavoti 82 pa 100 aliwonse. Ambiri adati mtambo wadutsa. Mwana wa Le Pen, Marine, adatenga chipanicho m'chaka cha 2011, napeza mavoti 33.9 pa 100 aliwonse m'ndime yachiwiri mu 2017 ndi 41.45 mu 2022. Mu 2018 chipanichi chidasintha dzina kukhala Rassemblement National. Mu 2022 chidalowetsa aphungu 89 m'nyumba ya malamulo ya mipando 577, ndipo mu Juni 2024 chidatsogola pa chisankho cha aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Ulaya ndi mavoti 31 pa 100 aliwonse.

Chizolowezi chogawa ndale kukhala za kumanzere ndi za kumanja chidayambira ku France komweko mu 1789, pamene aphungu oikira kumbuyo mfumu adakhala kudzanja lamanja la wapampando. Zipani zonga cha Le Pen zimaikidwa kumapeto kwenikweni kwa dzanja lamanjalo, ndipo chimene chimazilumikiza ndi chiphunzitso choti dziko lili ndi eni ake obadwa nalo, ndi kuti ntchito, nyumba ndi chithandizo cha boma ziyambe zafika kwa iwowo. Mphepoyi siidawombe ku France kokha. Giorgia Meloni adakhala nduna yaikulu ya Italy mu 2022, chipani cha Geert Wilders chidapeza mipando 37 mwa 150 ku Netherlands mu 2023, ndipo AfD idakhala yachiwiri ku Germany mu Febuluwale 2025 ndi mavoti 20.8 pa 100 aliwonse.

Chiwerengero chimanena kuchuluka kwa manja amene adaponya pepala m'bokosi, koma chimakhala chete pa zimene zidali mumtima mwa woponyayo, ndipo sichimutchula n'komwe munthu amene adali kukambidwa pa misonkhano yonse ya kampeni iye alibe voti. Apa ndi pamene alembi amalowera. Nkhani ino ikuunika mabuku atatu olembedwa m'Chifalansa: Retour à Reims la Didier Eribon (2009), Soumission la Michel Houellebecq (2015) ndi La Préférence nationale la Fatou Diome (2001). Awiri oyambawo ndiwo adatchuka, ndipo ndiwo amatchulidwa nthawi zonse zotsatira za chisankho zikadabwitsa anthu. Lachitatulo ndi kabuku kochepa ka nkhani zazifupi, kotuluka chaka chimodzi chivomezi cha 2002 chisadachitike, ndipo ndiko kamene kali ndi liwu limene mabuku awiri aakuluwo alibe.

Eribon adabadwira mumzinda wa Reims mu 1953, m'banja la antchito a m'mafakitale. Adathawira ku Paris ali mnyamata, nakhala mtolankhani ndi katswiri wa maphunziro, wodziwika ndi mbiri ya moyo wa Michel Foucault imene adalemba mu 1989. Kwa zaka zambiri sadapondenso kwawo. Bambo ake atamwalira sadapite kumaliro, koma adapita kukaona mayi ake, ndipo ali kuyang'ana nawo zithunzi zakale adakumana ndi funso limene lidabala bukuli. Iye, pokhala mwamuna wokonda amuna anzake, adali atalemba zambiri za manyazi amene anthu otere amasenzetsedwa. Nanga n'chifukwa ninji sadalembepo za manyazi ena, obadwa m'banja losauka, amene adamuchititsa kubisa kwawo kwa anzake ophunzira a ku Paris? Dzina la bukuli litanthauza kubwerera ku Reims. Mchewa akadati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, koma ulendo wa Eribon ulibe mtendere umene mwambiwu umalonjeza. Iye akubwerera ngati mlendo wodziwa chinenero cha pamalopo.

Gawo la ndale la bukuli ndilo lidalitchukitsa. Ali mwana, banja lonse la Eribon lidali kuvotera chipani cha Akomyunisiti, chimene mu 1969 munthu wake, Jacques Duclos, adapeza mavoti 21 pa 100 aliwonse. Pobwerera adapeza kuti ena mwa abale ake asamukira kwa Le Pen, ndipo mayi ake, atawaumiriza, adavomera kuti nawonso adaponyako voti kumeneko ngati chenjezo kwa olamulira. Pamene izi zidali kuchitika chipani cha Akomyunisiti chidali chitafota: mavoti 3.37 pa 100 aliwonse mu 2002 ndi 1.93 mu 2007. Malongosoledwe a Eribon ndi akuti chipani chimapatsa anthu dzina loti adzitchulire. M'masiku a bambo ake, wantchito ponena kuti "ife" adali kutanthauza ogwira ntchito, ndipo "iwo" adali eni fakitale. François Mitterrand atalowa m'boma mu 1981, ndi boma lake litatembenukira ku ndondomeko yomanga lamba mu 1983, atsogoleri a kumanzere adaleka kulankhula za magulu a olemera ndi osauka, nayamba kulankhula za munthu payekha ndi udindo wake. Anthu amene adalandidwa dzina lawo adatola lina limene lidali pafupi. "Ife" adasanduka Afalansa, "iwo" adasanduka obwera. Zaka zimagwirizana ndi mfundoyi: Front National idayamba kuoneka pa chisankho cha m'tauni ya Dreux mu 1983, idapeza pafupifupi mavoti 11 pa 100 aliwonse pa chisankho cha ku Ulaya mu 1984, ndipo idalowa m'nyumba ya malamulo ndi aphungu 35 mu 1986.

Mphamvu ya bukuli ili m'kapangidwe kake. Eribon, potsata Pierre Bourdieu ndi Annie Ernaux, amasakaniza mbiri ya moyo wake ndi kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu, kotero kuti mfundo iliyonse yaikulu imakhala ndi thupi loinyamula. Akafuna kunena za kuponderezedwa kwa antchito, amaonetsa thupi la mayi ake lopweteka ndi zaka zoimirira pa makina. Akafuna kunena za sukulu monga chosefera ana a osauka, amawerenga msinkhu umene makolo ndi abale ake adasiyira sukulu. Ndipo sabisa chimene alembi ena a kumanzere amachizemba: tsankho lidalimo kale m'nyumba ya Akomyunisiti ija. Mawu onyoza Aluya adali kumveka pa chakudya cha madzulo ngakhale masiku amene voti idali kupita kumanzere. Chipani chidali kungoliphimba ndi dzina lina lalikulu. Pamenepa mlembiyu ndi woona mtima kuposa ambiri amene amamutchula, omwe amakonda kutenga m'bukuli theka lokha loti osauka adatayidwa, nasiya theka linalo.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene wowerenga wa kuno kum'mwera kwa Africa sangazilumphe. Choyamba ndi chakuti mayi a Eribon, amene voti yawo ndiyo phata la mkangano wonse, salankhula nthawi yaitali. Amatulutsa mawu ochepa, mwana wawo n'kuwalanda, n'kuwamasulira m'chinenero cha ku yunivesite kwa masamba angapo. Mlembi amazindikira vutoli ndipo amalitchula, koma kulitchula sikulichotsa. Buku lodandaula kuti antchito adalandidwa liwu likuchita zomwezo mwaulemu.

Chachiwiri n'chachikulu. Gulu la antchito limene bukuli likulira maliro ake ndi la azungu. Koma mafakitale a galimoto a Renault ku Billancourt ndi a Talbot ku Poissy adali odzala ndi antchito ochokera ku Algeria, Morocco ndi kumadzulo kwa Africa, ndipo ndiwo adatsogolera sitalaka zazikulu za pakati pa 1982 ndi 1984. Iwonso adachotsedwa ntchito mafakitale atayamba kuchepetsa anthu, iwonso adakhumudwa ndi boma la Mitterrand, koma sadathamangire kwa Le Pen. Ambiri adalibe n'komwe voti. M'bukuli anthuwa amaoneka ngati oyandikana nawo nyumba amene kuchuluka kwawo kudasamutsa makolo a mlembi, ngati phokoso la pa masitepe. Palibe mmodzi amene ali ndi dzina kapena mbiri. Chipani cha Akomyunisiti nachonso sichidali choyera monga momwe chisoni cha bukuli chingachititsire munthu kuganiza: mu Disembala 1980, ku Vitry-sur-Seine, meya wa chipanichi adatsogolera gulu limene lidaphwanya ndi chigalimoto chokumbira nyumba yogonamo antchito pafupifupi 300 a ku Mali. Ndiponso mavoti a Front National sadachokere kwa antchito okha. Mizinda imene chipanichi chidayamba kulamulira mu 1995, Toulon, Orange ndi Marignane, ili kum'mwera, kumene eni masitolo ndi mabanja a azungu obwerera kuchoka ku Algeria mu 1962 adali msana wake. Mbiri ya utsamunda ndi mzu wina wa mtengowu, ndipo Reims wa Eribon sakuufika mokwanira.

Izi sizidaletse bukuli kuyenda. Litamasuliridwa m'Chijeremani mu 2016, chaka chimene AfD idali kulowa m'nyumba za malamulo za zigawo chimodzi pambuyo pa chinzake, lidagulidwa kwambiri, ndipo Thomas Ostermeier adalisandutsa sewero mu 2017. Anthu ophunzira a ku Berlin adapezamo yankho limene adali kulifuna, yankho lowatsutsa iwo eni koma losawakakamiza kumva mawu a Mturkey kapena Msiriya wa m'khwalala lawo.

Soumission ndi nyama ina. Ndi nkhani yopeka, yotuluka pa 7 Januwale 2015, tsiku lomwe zigawenga zidapha anthu 12 pa chiwembu cha ku ofesi ya nyuzipepala ya Charlie Hebdo, imene sabata imeneyo idali ndi chithunzi choseka Houellebecq pachikuto. Kuyambira tsiku limenelo bukuli silidawerengedwenso mofatsa. Nkhani yake ikuchitika mu 2022. Marine Le Pen watsogola m'ndime yoyamba ya chisankho, ndipo wachiwiri ndi Mohammed Ben Abbes, mtsogoleri wopeka wa chipani chopeka cha Asilamu. Zipani zakale za kumanzere ndi kumanja, poopa Le Pen, zikuikira kumbuyo Ben Abbes, iye n'kupambana. Yunivesite ikusanduka ya Chisilamu ndi ndalama za ku Saudi Arabia, akazi akusiya ntchito, mitala ikuloledwa. Mfotokozankhani ndi François, mphunzitsi wa zolembedwa pa Sorbonne, wa zaka 44, katswiri wa mlembi Joris-Karl Huysmans, munthu wopanda chikhulupiriro, wopanda mnzake weniweni, wodya chakudya chongotenthetsa ali yekha pamaso pa kanema.

Luso la Houellebecq lisakanidwe. Masamba ofotokoza usiku wa zotsatira ndi ena mwa abwino koposa amene adalembedwapo pa nkhaniyi, chifukwa akuonetsa momwe nzika ya dziko lolemera imaonera chisankho ngati mpira, kudikira zigoli, kusangalala ndi nkhope zogwa za ogonja, osamva kuti moyo wake uli m'kati. Nsinjiro yake pa aphunzitsi a pa yunivesite ndi yoluma, ndipo aliyense amene adakhalapo m'bwalo la aphunzitsi, kaya ku Paris, ku Zomba kapena ku Harare, aizindikira: anthu olankhula za ufulu m'kalasi, amene malipiro akakwera katatu mfundo zawo zimasungunuka ngati mchere m'madzi. François sakopeka ndi Mulungu. Adayesa kufuna chikhulupiriro cha Huysmans pamaso pa fano la Maria ku Rocamadour ndi ku nyumba ya amonke ku Ligugé, nabwerako chimanjamanja. Chimene chikumukopa ndi ntchito, ndalama ndi lonjezo la akazi osankhiridwa. Mutu womaliza udalembedwa wonse m'nthawi yongoyerekeza, yonga pamene munthu anena kuti zikadatero, kotero kuti wowerenga sauzidwa motsimikiza ngati François adalowadi Chisilamu. Oikira kumbuyo bukuli amaimirira pamenepa ponena kuti chandamale chake ndi ulesi wa mzimu wa Afalansa ophunzira, osati Asilamu.

Mfundo imeneyo ili ndi choonadi chake, koma ikugwa tikafunsa funso losavuta la kaunikidwe ka nkhani: ndani akupatsidwa mpata wolankhula? Ben Abbes saonekera maso ndi maso. Amamveka kudzera pa kanema ndi m'malongosoledwe a ena. Msilamu amene amalankhula masamba ambiri ndi Robert Rediger, mzungu wa ku Belgium wotembenuka, amene kale adali m'magulu a eni dziko. Godefroy Lempereur, mphunzitsi wachinyamata woyandikana ndi magulu omwewo, akupatsidwa usiku wathunthu wolongosola za nkhondo ya pachiweniweni imene anzake akuikonzekera. Alain Tanneur, kazitape wa boma, akupatsidwa chakudya chamadzulo chathunthu. Nanga Asilamu wamba, mamiliyoni amene voti yawo ndiyo yasuntha nkhani yonse? Akuoneka ngati atsikana ovala nsalu kumaso okhala chete m'kalasi, ngati akazi awiri a Rediger, wamkulu wophika ndi wamng'ono wa zaka 15, ndiponso ngati mitembo ya anyamata awiri imene François akuipeza pa malo omwetsera mafuta pothawa mu Paris. Chipani cha Le Pen chikugonja m'nkhaniyi, koma mantha ake ndiwo apambana, chifukwa dziko la m'bukuli lamangidwa ndendende monga momwe mantha amenewo amalilotera. Renaud Camus adali atafalitsa kale mu 2011 chiphunzitso choti azungu a ku Ulaya akulowedwa m'malo ndi anthu ena. Houellebecq adachiveka zovala zabwino, nachipatsa nthabwala, nachilowetsa m'nyumba za anthu amene sakadagula buku la Camus.

Chaka cha 2022 chidafika, ndipo n'kotheka tsopano kuika loto pambali pa zimene zidachitika. Mlembiyu adalasa pa chinthu chimodzi: zipani ziwiri zakale zidagwadi. Anne Hidalgo wa Asosholisiti adapeza mavoti 1.75 pa 100 aliwonse, Valérie Pécresse wa kumanja 4.78. Adalasanso kuti Le Pen adzafika m'ndime yachiwiri ndi kuti ena onse adzagwirizana kumutsekereza. Koma chipani cha Asilamu chokhoza kutenga boma sichidaoneke. Kachipani kotere kamene kadapikisana nawo pa chisankho cha ku Ulaya mu 2019 sikadafike ngakhale pa voti imodzi mwa 100. Amene adatulukira ndi Éric Zemmour, wolalikira poyera za kulowedwa m'malo kuja, napeza mavoti 7 pa 100 aliwonse. Nkhani yopeka siiweruzidwa ngati ulosi, n'zoona. Koma pamene buku latchula chaka, latchula andale enieni ndi maina awo, ndipo lagulitsidwa ngati chenjezo, lalowa lokha m'bwalo limene zotsatira zenizeni zili ndi ufulu woliyankha.

Fatou Diome adabadwa mu 1968 pa chilumba cha Niodior ku Senegal. Adafika ku France mu 1994 atakwatiwa ndi Mfalansa. Banjalo lidatha patapita zaka ziwiri, ndipo adalipira maphunziro ake ku Strasbourg pogwira ntchito yosesa ndi kukolopa m'nyumba za anthu. La Préférence nationale, lotsindikizidwa ndi Présence Africaine, lili ndi nkhani zisanu ndi imodzi: ziwiri zochitikira ku Senegal, zinayi ku France. Dzina lake adalitenga m'kamwa mwa Front National momwe. Mawuwa, otanthauza kuyamba kuganizira mwini dziko, adafalitsidwa ndi buku la Jean-Yves Le Gallou mu 1985 nakhala mtima wa mfundo za chipanichi. Malo ochitikira nkhani nawonso ali ndi tanthauzo: chigawo cha Alsace, kumene kuli Strasbourg, chidapatsa Jean-Marie Le Pen pafupifupi voti imodzi mwa zinayi zilizonse mu 1995, pamene dziko lonse lidamupatsa 15 pa 100.

M'nkhani za Diome mulibe tsiku la chisankho, mulibe msonkhano wa chipani, mulibe bokosi. Muli mtsikana wophunzira wofuna ntchito. Pa lamya zonse zimayenda bwino chifukwa Chifalansa chake n'chosalala. Akafika pakhomo nkhope yake ikaoneka, ntchito imasowa. Wophika buledi akumukana, mayi wofuna mphunzitsi wa mwana wake akumukana, banja lomulemba ntchito yolera mwana likulankhula naye m'Chifalansa chodukaduka ngati cha mwana poganiza kuti samva. Apa ndi pamene kabukuka kakuposa anzake awiri aja pa kuzindikira. Eribon ndi Houellebecq onse akufunsa za tsiku limene chipanichi chidzalowe m'boma, wina mwa mantha, wina mwa nthabwala. Diome akuonetsa kuti mfundo yaikulu ya chipanichi idali ikugwira kale ntchito m'khitchini, m'sitolo ndi mu ofesi, m'manja mwa anthu amene ambiri a iwo sakadavotera Le Pen ndipo akadakwiya kutchedwa atsankho. Nkhani imene idapereka dzina ku bukuli ikukhudza malamulo a ukwati ndi unzika a m'zaka za m'ma 1990, a nthawi ya nduna Charles Pasqua, ndipo Pasqua sadali wa Front National. Nkhani yomaliza, ya chakudya chamadzulo kwa mphunzitsi wa pa yunivesite, ikufikitsa mlandu kwa ophunzira omwe, amene amakonda Africa m'mabuku ndi pabedi.

Pali chinthu chimene chimaoneka mabuku a Eribon ndi Diome akaikidwa pa tebulo limodzi. Mayi a Eribon, asadalowe m'fakitale, adali wantchito wosesa m'nyumba za olemera. Mfotokozankhani wa Diome akugwira tsache lomwelo, patapita zaka makumi angapo, m'nyumba za mtundu womwewo. Onse awiri akudziwa kunyozedwa ndi mayi wa nyumba, kuwerengedwa ngati chipangizo, kuopa kutaya ntchito chifukwa choyankha. Mwa zonse zimene Eribon amatcha gulu, akazi awiriwa ndi a gulu limodzi. Koma mmodzi adaponya voti yoti mnzakeyo achoke, ndipo mnzakeyo adalibe pepala loyankhira. Buku lililonse mwa awiriwa lili ndi theka la chithunzichi. Eribon ali ndi chifundo pa mayi ake chimene sichifika kwa mkazi wa ku Senegal. Diome ali ndi ukali wolungama umene suima kufunsa chimene chidaumitsa mtima wa mzungu wosauka.

Owerenga a m'chigawo chino sakufunika kuwoloka nyanja kuti amvetse kapangidweka, ngakhale mbiri za maiko zili zosiyana ndipo n'kulakwa kuzipanikiza m'chikombole chimodzi. Mu Meyi 2008 zipolowe zoyambira ku Alexandra zidapha anthu 62 ku South Africa, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake, monga lidachitiranso mu 2015. Pa chisankho cha 2024 chipani cha Patriotic Alliance, chimene chidachita kampeni ndi mfuu yoti obwera achoke, chidapeza mipando 9, ndipo mtsogoleri wake Gayton McKenzie adasankhidwa chaka chomwecho kukhala nduna ya zamasewera, luso ndi chikhalidwe. Phaswane Mpe, m'buku lake Welcome to Our Hillbrow, lotuluka mu 2001 monga la Diome, adali ataona kale momwe wosauka wa kumudzi amasenzetsera wosauka wa kudziko lina matenda ndi umbanda wa mumzinda. Mlimi wa m'munda wa maluwa ku Johannesburg wochokera ku Mzimba kapena ku Mangochi ali pamalo a mtsikana wa Diome: amatchulidwa pa nsanja iliyonse, koma bokosi silimufunsa.

Kabuku ka Diome kali ndi zilema zake. Olemba ntchito ake ndi zidole zojambulidwa ndi makala, zonenepa ndi umbuli, zosavuta kuzigwetsa. Ndipo chida chimene mfotokozankhani amapambanira nacho n'chokayikitsa. M'nkhani ya Cunégonde, banja limamupatsa dzina lachipongwe lotengedwa m'buku la Voltaire poganiza kuti sangalizindikire. Pampondachimera ndi pamene bwana akumupeza m'nyumba yowerengeramo mabuku nazindikira kuti wantchito wake amamudziwa Voltaire kuposa iye. Wowerenga amasangalala, koma chisangalalocho chili ndi mtengo wake. Ulemu wa mtsikanayu wagulidwa ndi madigiri ndi Chifalansa choposa cha eni ake. Nanga wosesa amene sadawerenge Voltaire, amene Chifalansa chake n'chodukadukadi, ayankha ndi chiyani? Mosadziwa, nkhaniyi ikuvomera muyeso wa omwe ikuwatsutsa, woti mlendo ayambe waonetsa kuti ndi woyenera. Buku lake lotsatira, Le Ventre de l'Atlantique (2003), lidakula kuposa pamenepa, ndipo kutchuka kwake kudaphimba nkhani zazifupizi.

Dzina la kabukuka, komabe, lidapitiriza ulendo wake kunja kwa zolembedwa. Mu 1998 khonsolo ya Vitrolles, yolamulidwa ndi Front National, idakhazikitsa mphatso ya ndalama zokwana mafranc 5,000 kwa mwana wobadwa kwa makolo a ku France kapena a ku Ulaya okha, ndipo bwalo la milandu lidaithetsa. Marine Le Pen adasintha liwu limodzi m'mawuwo kuti amveke ofewa, mfundo n'kukhala yomweyo. Pa 19 Disembala 2023 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo la za obwera lochokera ku boma la Emmanuel Macron, munthu amene kawiri konse adasankhidwa kuti atsekereze Le Pen. Lamulolo, litakhwimitsidwa ndi aphungu a kumanja, lidatalikitsa nthawi imene mlendo wokhala m'dziko movomerezeka ayenera kudikira asadalandire chithandizo china cha boma. Aphungu a Rassemblement National adalivotera, ndipo Le Pen adalitcha chipambano cha maganizo a chipani chake. Pa 25 Januwale 2024 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko lidafafaniza ndime zoposa 30 mwa 86 za lamulolo, kuphatikizapo ya chithandizo ija. Zambiri mwa ndimezo zidagwa chifukwa cha njira imene zidalowetsedwera m'lamulo, ndipo bwalolo silidaweruze ngati zimene zidalembedwamo zili zololedwa kapena ayi.